Tsiku Limene Ndinatchula Dzina la Belita

Kanakantapa, Lachinayi masana

Mofati mwana wanga,

Wapita kukatsazika anzako a kutchalitchi, amai ako ali kudimba, ndiye ndang'amba mapepala m'kope lako lakale la sukulu kuti ndikulembere. Miyezi iwiri iyi ndayesa kangapo kulankhula nawe pakamwa, koma ndikangoyamba umandiyankha ndi vesi, ndipo ine mavesi sindiwadziwa ngati iwe. Pepala lokha ndilo lingandilole kumaliza. Uwerenge lero lomwe mpaka kumapeto. Usasunge kuti ukawerengere m'basi, chifukwa zina zili m'munomu zikufuna yankho usanakwere.

Sindikukuletsa kupita ku Kitwe. Ba Pasita Kaluba akupezera malo kusukulu ya ubusa, ndipo ngati Mulungu ndiye wakuitana, ine ndine yani kuti ndiime pakhomo. Koma umandidziwa. Amai ako amati ndimakayikira mvula ngakhale itandinyowetsa kale. Chimene chikundikayikitsa pa iwe ndi liwiro. Mwezi wa Epulo unali mnyamata wa mpira ndi wailesi, tinkakangana za kuthirira tomato. Sabata imodzi yokha unabadwa mwatsopano, anakumiza mumtsinje wa Chongwe, wailesi unapatsa mnzako, ndipo mwezi usanathe unayamba kufunsa za sukulu yakutali. Ine munthu akamathamanga chotero ndimayamba ndayang'ana kumene wachokera. Ndinathamangapo nanenso.

Nkhani ya kutembenuka kwanga umaidziwa monga amaikambira kutchalitchi kwanuko. Amati a Mwale anali chidakwa ndi wachigololo, anaimirira m'tenti chaka cha chilala, anaulula zonse, anamasulidwa, kenako anabwerera m'mbuyo chifukwa cha kuuma mtima. Nthawi imeneyo unali ku Katete kwa azakhali ako, uli giredi seveni, ndipo tinagwirizana ndi amai ako kuti tisakuuze zambiri. Tsopano wakula, ndipo mawa ukuyamba ulendo wokaphunzira kuuza anthu za mizimu yawo. Uyenera kumva mbali imene saikamba.

Ine ndinakulira mumpingo wa ku mishoni, womwe amai ako akupempherabe mpaka lero. Kumeneko tchimo umakaliulula kwa wansembe m'kachipinda kamatabwa, iye mbali ina iwe mbali ina, ndipo zimene wanena zimathera momwemo. Nditasiya ntchito yokama ng'ombe ku Palabana, titalandira puloti yathu ino, oyandikana nawo anali a Njovu ndi mkazi wawo Belita, amake Lute. A Njovu ankayendetsa lole, ankatha masabata osaoneka pakhomo. Ndinayamba ndi kumulimira Belita ndi ng'ombe zathu, koma zinathera kwina, ndipo zinatenga zaka ziwiri. Ndine ndinayamba. Kawiri konse anandiuza kuti tisiye, ine n'kumunyengerera mpaka kugonja. Mwezi uliwonse ndinkapalasa njinga kupita kwa wansembe kukanena kuti ndachimwa ndi mkazi wa mwini. Sanandifunsepo dzina. Ankangoti, "Usiye, mwana wanga, ndipo ukonze zimene waononga." Ine ndinkatola mawu a chikhululukiro okha, enawo ndinkawasiya m'kachipinda momwemo. Kulapa ndinakusandutsa sopo wochapira malaya oti mawa ndikawadetsenso. Ukadzamva kuti wakhululukidwa, Mofati, umvetsere mpaka wolankhulayo amalize.

Kenako kunabwera chilala chija tinadya chimanga chachikasu. Chimanga chathu chinauma chikali cha m'mawondo, ng'ombe imodzi inafa, ndipo ine ndinayamba kuganiza kuti Mulungu akulanga dera lonse chifukwa cha ine. Pamenepo ndi pamene ba Kaluba anafika kuchokera ku Lusaka ndi tenti yobiriwira, jenereta ndi zimkuzamawu ziwiri. Ankalalikira kuti ubatizo wa paukhanda ndi kusamba chabe, kuti wansembe ndi munthu ngati ife sangachotse tchimo la wina, kuti munthu amapulumuka tsiku limodzi, ola limodzi, ndipo amadziwa kuti wapulumuka. Mawu akuti amadziwa ndi amene anandikoka. Zaka zonse zimene ndinagwada m'tchalitchi ndinali ndisanadziwepo.

Loweruka ndinawapeza kuseri kwa tenti akumwa tiyi, ndipo ndinawauza zonse. Anamvetsera bwino, sindinganame. Nditamaliza anatulutsa kabuku ndi cholembera m'thumba la jekete.

"Nindani uyo mukazi, ba Mwale?"

Ndinati, "Dzina n'lofunika, abusa?"

Anati, "Satana amabisala mu dzina lamene simufuna kutchula. Mukalibisa, ninshi mukali naye."

Ndinalitchula. Ndinkaganiza kuti lithera m'kabukumo monga zinkathera kwa wansembe.

Lamlungu masana tenti inadzaza, anthu ena ataima padzuwa. Ba Kaluba anati pali mwamuna pano amene Mzimu wawaonetsa, womangidwa zaka ziwiri. Sananene kuti mwamunayo anawauza yekha dzulo lake. Anandiitana kutsogolo, kundipatsa maikolofoni, dzanja lawo lili paphewa langa. Ndinanena za mowa, anthu anati ameni. Ndinanena za chigololo. Iwo anawerama n'kundinong'oneza kuti, "Tchulani." Belita anali pamzere wachitatu kumbali ya azimayi, Lute atatsamira pamwendo pake. A Njovu anali ataima polowera, atangofika kumene kuchokera kuulendo. Ndinawaona onse awiri, ndipo ndinatchula.

Ndikudziwa kuti mumtima umati atate sadziwa chimene ndinamva mumtsinje muja. Nanenso ndinachimva m'tenti muja, mwana wanga. Thupi linapepuka ngati ndatula thumba la fetereza pamutu. Ndinalira, amuna anandikumbatira, kwaya inayambitsa nyimbo. Pamene ndinkapukuta misozi, Belita anali akutuluka cha kumbuyo akukoka Lute padzanja, azimayi akumupatukira ngati wakhate. Palibe amene anamukumbatira. Amai ako anayenda patsogolo panga njira yonse osatembenuka. Titafika pakhomo anatula mpando umene ananyamula, n'kuti, "Mwapulumuka, atate ake Mofati. Nanga ife amene mwatiponda populumukapo?"

A Njovu anamuthamangitsa Belita sabata yomweyo, ana n'kutsala nawo. Anapita kwa abale ake kumidzi ya kwa Nkomeshya. Ine ndinabwerera kwa ba Kaluba kukafunsa ngati sitingapite limodzi kukalankhula ndi a Njovu. Anati, "Aliyense azaimirira yekha pamaso pa Mulungu. Imwe mwasambitsidwa, osayang'ana kumbuyo. Uja mukazi ngati afuna, abwere alape naye." Ndinalikonda yankho limenelo. Linali losavuta kupita nalo kunyumba.

Anayamba kunditenga m'misonkhano, paboma ku Chongwe, m'makomboni a ku Lusaka, kulikonse kumene tenti yaima. Anandigulira tayi. Koma umboni ukaunena kasanu umazizira, anthu saombanso m'manja monga poyamba. Tsiku lina tili m'galimoto anandifunsa ngati sindinaonepo kanthu kachilendo m'nyumba ya mkazi uja, kamuzu kapena kanyanga, chifukwa ati mwamuna wanzeru ngati ine sakanamangika zaka ziwiri popanda mankhwala. Sanandiuze kuti ndiname. Anangotsegula khomo, ndinalowa ndekha. Pamsonkhano wa tsiku lomwelo ndinati Belita ankandithirira mankhwala mu munkoyo umene ankandipatsa kumwa kumunda. Msonkhano wotsatira ndinawonjezera kanyanga pansi pa bedi. Anthu anakuwa, ena anagwa pansi, ndipo ine ndinamva kukoma kwake. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Mawu anga anafika kwa Nkomeshya ine ndisanapondeko. Mwana wa mng'ono wa Belita atadwala, abale anakumbukira umboni wa a Mwale. Anamumangira kanyumba kumapeto kwa mudzi, ndipo ana analetsedwa kudya chilichonse chochokera m'manja mwake.

Patapita zaka ziwiri anadwala chifuwa, anaonda kwambiri. Ine sindinkadziwa kuti amai ako ankakwera minibasi kamodzi pamwezi kukamuona, atanyamula ufa ndi sopo. Kwa ine ankati akupita kumsonkhano wa azimayi a mpingo. Tsiku lina anabwerako n'kukhala pakhonde osavula nsapato.

"Belita akukuitanani. Masiku ake atha."

"Akufuna chiyani kwa ine?"

"Pitani mukamve nokha. Makutu muli nawo."

M'malo mopita kwa Nkomeshya ndinapita kwa ba Kaluba. Anati ndi msampha, mdani akufuna kundibwezera m'dzenje limene ndinatulukamo. Tinagwada, anapemphera momanga ziwanda, ndipo ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Lachisanu la sabata yomweyo Belita anamwalira.

Kumaliro amai ako ananditengera ngati mbuzi yapachingwe. Anthu anali ochepa. Mwambo anatsogolera ndi wansembe wa ku mishoni, yemwe amai ako anali atamuitana kukamudzoza mafuta asanatsirizike. Malume ako Eliya, aja amapemphera Loweruka, anatiperekeza. Panabweranso dikoni wina wa kwa ba Kaluba, amene anatumidwa kudzandiyang'anira kuti ndisagwe. Titachoka kumanda tinakhala tonse pansi pa mtengo wa masuku kudikira minibasi, ndipo ine ndinafunsa funso limodzi. Ndinati, kodi ali kuti tsopano?

Dikoni ndiye anayamba. "Anafa asanalandire Yesu. Simufunika kufunsa, ba Mwale, mudziwa kwamene ali."

Wansembe anapukusa mutu. Anati, "Zimene anandiuza sindinganene, koma anapita mwamtendere. Mzimu wake uli m'manja a Mulungu, ukuyeretsedwa, ndipo mapemphero athu amauthandiza. Mumupempherere. Koma inu muli ndi ntchito inanso. Munamulanda dzina, mukalibweze."

Malume ako anadikira onse amalize, monga amachitira. "Alamu, awiriwa akungokuvutitsani. Wakufa ali m'tulo. Sali kumoto, sali kumwamba, samva pemphero lanu ngakhale pepani wanu. Mpweya ukachoka munthu wagona basi. Adzadzuka tsiku lomaliza pamodzi ndi inu, ndipo mlandu udzakambidwa pamenepo."

Anatsutsana mpaka minibasi inafika. Wina akuti mzimu sufa, wina akuti munthu yense ndiye mzimu, wina akuti khomo limatsekedwa pa mpweya womaliza, wina akuti chifundo cha Mulungu chimapitirira manda. Aliyense anali ndi vesi lake, ndipo aliyense anali wotsimikiza. Dothi la pamanda linali likadali pansapato zawo.

M'minibasi ndinadzipeza kuti ndasankha kale yankho la malume ako. Mavesi awo sindinawasunge ngakhale limodzi. Chimene chinandikomera n'chakuti ngati Belita ali m'tulo ndiye kuti sakundiona. Ndipo ndinakumbukira kuti yankho la ba Kaluba lakuti osayang'ana kumbuyo ndinalikondanso chifukwa chomwecho, ndi chikhululukiro cha wansembe chimodzimodzi. Mpingo uliwonse ndinkaulowera pakhomo limene linali losavuta kwa ine. Kuyambira tsiku limenelo ndimakayikira chiphunzitso chilichonse chimene chandikomera msanga, ndipo ndimadzikayikira ndekha koposa. Nawenso, Mofati, chiphunzitso chikadzakupepukitsa, uyang'ane pansi uone kuti katundu wako wagwera pa yani.

Titafika kunyumba ndinafunsa amai ako chimene Belita ankandiitanira. Anali akumasula duku. Anati, "Pepani wanu sanamufune. Ankafuna mukauze Lute kuti amake sanali mfiti. Mwanayo anzake amamuseka kusukulu."

Ndinatha milungu itatu ndikuzengereza, kenako ndinadutsa malire a puloti kupita kwa a Njovu. Anandilandirira panja, mpando sanandipatse. Ndinapempha kuti Lute aitanidwe. Anabwera ali ndi mbale m'manja, kamtsikana ka zaka khumi, maso ngati a amake. Ndinati za mankhwala ndi kanyanga zinali zabodza, ndinazipeka ndekha, amako analibe ufiti uliwonse, ndipo amene anayambitsa zonse ndine. A Njovu anangolavula malovu pansi n'kulowa m'nyumba. Lute anandiyang'ana n'kufunsa.

"Nanga munanamiranji?"

Ndinati, "Anthu ankaomba m'manja."

Anabwerera kukatsuka mbale zake. Mpaka lero tikakumana kuchigayo sandipatsa moni, ndipo sindimuda.

Ndinapitanso kwa Nkomeshya kukanena zomwezo pamaso pa abale ake. Mkulu wina anati, "Tamva. Koma mwabwera ndi madzi nyumba itapsa kale." Kunatsala kumene ndinanamira. Lamlungu ndinapita kutchalitchi kwa ba Kaluba, nthawiyo atamanga kale nyumba yamalata ija mumapempheramo, ndipo nthawi ya maumboni ndinapempha maikolofoni. Anandipatsa mokondwa. Nditangonena kuti abale, za mankhwala zija ndinanama, woimba kiyibodi anayamba nyimbo mokweza, ndipo amuna awiri anandigwira mikono mwaulemu n'kukandikhazika pansi. Titaweruka ba Kaluba anandikokera pambali. Anati, "Uja umboni wapulumutsa anthu ambiri, ba Mwale. Mufuna muwabweze ku mdima?" Sindinapondenso pamenepo. Kubwerera m'mbuyo kumene amakuuzani kuja ndi kumeneku.

Lero ukandifunsa ngati ndinapulumuka, sindidziwa. Masiku ena ndimaperekeza amai ako ku mishoni n'kukhala pabenchi lakumbuyo. Belita ndimamupempherera, ngakhale malume ako amati ndikutaya mpweya, ndipo mwina akunena zoona. Chaka chatha tikukolola mtedza ndinafunsa amai ako ngati anandikhululukira. Anati, "Mulungu ndiye amafulumira. Ine ndikali m'njira." Ndipo anapitiriza kuzula.

Ndiye ndikuuze chimene chinandipweteka mwezi watha. Unatenga kolona ya amai ako pamsomali, unati ndi fano, unati sanapulumuke chifukwa sangatchule tsiku limene anabadwa mwatsopano. Iwo anangoilandira n'kuiika m'thumba. Mkazi ameneyu ankanyamula ufa kupita nawo kwa munthu amene anagona ndi mwamuna wake, kwa zaka ziwiri, popanda womuombera m'manja. Ine ndinali ndi tsiku, ola ndi tayi. Ukakafika kusukulu akakupatsa muyeso woyezera amene wapulumuka ndi amene watayika, uyambe wawayeza amai ako. Ukaona kuti muyesowo ukuwataya kunja, ukayikire muyesowo.

Usandimve molakwa za ba Kaluba. Sindikunena kuti ndi onyenga m'zonse. Matenda owondetsa aja atayamba kutha anthu kuno, ndi iwo ankasambitsa mitembo imene abale ake ankaiopa, ndipo pali amuna amene anasiyadi kumenya akazi awo chifukwa cha ulaliki wawo. Mwina amakhulupirira ndi mtima wonse zimene amanena, ndipo chimenecho ndicho chimandiopsa kwambiri. Koma kabuku kaja akali nako. Ndinali ndikuchokera kukagulitsa ndiwo za rape tsiku lija lotsatana ndi ubatizo wako, ndipo ndinawaona akukutengera kuseri kwa tchalitchi. Ndinaimika njinga pamthunzi. Munakhala kumeneko pafupifupi ola lathunthu, ndipo potuluka anali akubwezera kanthu m'thumba la jekete. Pepala la kusukulu limene unasiya patebulo ndinaliwerenganso, undikhululukire. Likuti sabata yoyamba wophunzira aliyense adzapereka umboni pamaso pa sukulu yonse, osabisa kanthu.

Ukakaimirira pamenepo unene zako zokha. Dzina la munthu wina si lako kuti ukalipereke nsembe. Akakakunong'oneza kuti tchula, utseke pakamwa ngakhale kwaya itadikira. Akakakufunsa ngati sunaonepo kamuzu, ngati mtsikanayo sanali ndi chiwanda chokopa anyamata, udziwe kuti wafika pakhomo lija ndinalowa ine. Ndikubwereza, Mofati, unene zako zokha. Ndipo ukadzakhala m'busa, munthu akadzabwera kwa iwe akulira, cholembera chako chikhale m'thumba.

Ndati mtsikana, ndipo sindinalembe molakwitsa. Ndafika pa chimene ndatengera pepala.

Tisa, mwana wa a Daka, ankabwera pano Lachiwiri lililonse kudzaoda tomato wokagulitsa pamsewu. Iwe, amene kudimba tinkachita kukukankha, Lachiwiri unkadzuka wekha. Unkamunyamulira dengu mpaka kumlatho, ulendo wa mphindi zochepa, n'kubwerako dzuwa lili pamutu. Ine ndinkaona koma sindinkanena, ndinkati ndi ubwana. Chiyambire Epulo sanabwerenso. Iwe unasiya njira yodutsa kwa a Daka, popita kutchalitchi umazungulira kumpope, njira yotalika kawiri. Amake Tisa anakumana ndi amai ako kuchigayo, anayang'ana kumbali osapereka moni, anthu amene ankabwerekana mchere. Lolemba lapitali ndinamuona Tisa ndi maso anga akutunga madzi. Chitenje wamangira m'mwamba, ndipo poika ndowa pamutu anachita kuthandizidwa. Atandiona anatembenuka msanga. Ine ndakama ng'ombe zaka khumi ndi zisanu ndipo ndabereka ana anayi, sindisowa wondiuza. Ndipo ndikawerenga miyezi, sabata imene anasiya kubwera ndi sabata yomwe unathamangira kumtsinje.

Mwina ndikulakwitsa. Mwina mimbayo ndi ya wina, ndipo iwe unangopwetekedwa mtima n'kuthawira kwa Mulungu, zimachitika. Ngati zili choncho ung'ambe kalatayi, ukhululukire nkhalamba imene imaona tchimo lake pankhope ya aliyense. Ndidzakondwa kukhala wolakwa. Koma ngati ndikunena zoona, ndiye kuti ndikudziwa zimene anakuuza kuseri kwa tchalitchi kuja, chifukwa anandiuzapo ine. Anati wasambitsidwa, Mofati wakale anafera m'madzi, wopangitsa mimbayo kulibenso. Mwina pamaso pa Mulungu zili choncho, ine sindinafikeko. Koma a Daka akakhala pakhonde amaona Mofati mmodzi yekha, ndipo Tisa sanamizidwe nawe. Iye mimba yake anatuluka nayo m'mwezi wa Epulo, ali nayo lero, adzakhala nayo iwe uli ku Kitwe ukuphunzira kulalikira.

Kusukuluko mukakangana ngati khanda limabadwa ndi tchimo kapena limabadwa loyera. Wansembe amati limabadwa nalo, n'chifukwa chake amalibatiza msanga. Ba Kaluba amati lidikire likule lisankhe lokha. Malume ako ali ndi yankho lawonso. Mukangane, n'zofunika, ine sindinyoza maphunziro. Koma palibe mmodzi mwa atatuwa amene angakuuze kuti khanda limabadwa lopanda atate ake.

Sindikunena kuti umukwatire mawa, kapena kuti sukulu uisiye. Zimenezo zimakambidwa ndi akuluakulu a mbali zonse ziwiri, ndipo mwina Tisa mwiniwake sakukufunanso. Chimene ndikunena n'chakuti a Daka amve kuchokera pakamwa pako, pakhomo pawo, iwe utakhala pansi, asanamve kuchokera kwa munthu amene anali ku Kitwe tsiku la maumboni. Ndipo Tisa umufunse chimene akufuna. Ine Belita sindinamufunse, ndinachita kumva kwa amai ako atakwiriridwa kale.

Amai ako sindinawauze kuti ndikulemba izi, ngakhale ndikuganiza kuti anadziwa ine ndisanadziwe. Akuphikira nkhuku ndi mbatata za paulendo, ndipo asokerera kathumba m'kati mwa jekete lako kuti a ku siteshoni ya Lusaka asakubere. Uwatsazike bwino, ugwade. Ukafika ulembe kalata, ndipo m'kalatamo usawalalikire. Uwauze zimene ukudya ndi ngati bulangete likukwanira, ku Kitwe kumazizira.

Mawa minibasi yoyamba imanyamuka dzuwa litangotuluka, koma pali ina ya masana, ndipo basi ya ku Kitwe siisowa ku Lusaka. Sutikesi yako ndiimangirira panjinga ndipo tiyenda limodzi. Tikafika pamphambano ya kumpope ndidzaima. Sindidzakufunsa kanthu. Ukakhotera kwa a Daka ndidzayenda pambali pako, ndipo tikafika ndine ndidzaodire ndi kuyamba kulankhula, monga atate ako, iwe udzangomaliza. Akakutukwana tidzatukwanidwa awiri. Ukapitirira molunjika kusiteji ndidzakuperekeza, ndidzakweza sutikesi yako ndi kukudalitsa, chifukwa ndiwe mwana wanga ngakhale utachita chiyani. Minibasi ikanyamuka ndidzapita kwa a Daka ndekha kukafunsa.

Ndine atate ako,
Lazaro Mwale